Mapu atatu pa gulu limodzi la WhatsApp: momwe chenjezo la Freddy linamvekera kumunsi kwa Likangala

Lipoti ili likukhudza komiti imodzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya midzi ya gulupu wina m'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo m'boma la Zomba, ndi momwe inalandirira machenjezo a namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi 2023. Ndine mlangizi m'bungwe lina lomwe limaphunzitsa makomiti otere, ndipo ndinali pa gulu lawo la WhatsApp masiku onsewo. Mayina a anthu ndi a midzi sinditchula. Ndalembera anzanga amene ntchito yawo ndi kunyamula uthenga wa zanyengo kuchoka ku ofesi mpaka pakhomo pa munthu.

Malo ake

Nsonga ya phiri la Zomba imapitirira mamita 2,000, pomwe Nyanja ya Chilwa ili pa mamita 600 ndi pang'ono chabe. Mtsinje wa Likangala umayambira kuphiriko, umadutsa mumzinda, umalandira madzi a Mulunguzi ndi timitsinje tina, kenako umatsikira m'chigwa chosalala chomwe anthu amalimamo mpunga, n'kukathira m'nyanja. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Ikadzaza, madzi a Likangala amasowa kolowera ndipo amabwerera m'minda ndi m'midzi. Choncho madzi amene amagwetsa nyumba kumunsi kuno nthawi zambiri si a mvula yogwa padenga pawo. Ndi a mvula yomwe yagwa kuphiri, kutali ndi maso awo. Nkhani yonseyi yagona pamenepa.

Anthu a kuno si alendo pa madzi osefukira. Anaona a Januwale 2015, a Malichi 2019, ndi a namondwe Ana mu Januwale 2022. Komiti yawo inali yophunzitsidwa, inali ndi chimkuzamawu, mawenzulo, ndi mgwirizano ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale yomwe ili pamtunda kuti ngozi ikagwa anthu azithawira kumeneko. Wapampando anali mayi wachikulire ndithu, wodziwa kuwerenga Chichewa, koma foni yake inali ya mabatani, ija timati Mose wa lero. Mafoni otha kutsegula zithunzi anali ndi mlembi wa komiti, mphunzitsi mmodzi, ndi anyamata angapo a kabaza. Motero chilichonse chobwera ngati chithunzi chinkafika kwa wapampando chitadutsa kaye m'maso ndi m'kamwa mwa munthu wina.

Mapu oyamba

Freddy anali atadutsa kale ku Madagascar pa 21 Febuluwale n'kulowa ku Mozambique cha ku Vilankulo pa 24 Febuluwale. Kenako anabwerera panyanja, anapezanso mphamvu, n'kuyamba kulunjika kumpoto kwa malo amene analowera poyamba. Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo inayamba kuchenjeza pa wailesi ndi pa masamba ake kuti zigawo za kummwera kwa Malawi ziyembekezere mvula yamphamvu ndi mphepo.

Chakumapeto kwa sabata ya machenjezowo, m'mwezi wa Malichi, mnyamata wina anaponya pa gulu chithunzi cha mapu oonetsa njira ya namondwe. Panali mzere wokhala ndi timadontho, ukuchokera panyanja, kulowa kummwera kwa Mozambique n'kulozera ku Zimbabwe. Malawi anali pamwamba, patali ndi mzerewo. Pansi pake analemba kuti: "Abale musadandaule, chadutsa uko." Uthengawu unayenda msanga kuposa wa pa wailesi, chifukwa unali wokoma kuumva, ndiponso unali ndi chithunzi. Munthu akaona ndi maso ake amakhulupirira kuposa zomwe wangomva.

Mapuwo sanali abodza. Anali a ulendo woyamba wa Freddy, wa mu Febuluwale. Amene anajambula screenshot anadula mbali ya pamwamba pomwe panali tsiku, ndipo chithunzicho chinazungulira m'magulu kwa masabata awiri chisanafike kwa ife. Ndinachizindikira chifukwa mzere unkalowera kummwera kwenikweni, pomwe uthenga watsopano unkatchula Quelimane, mzinda wa ku Mozambique womwe uli kumpoto kwa Vilankulo. Ndinalemba pa gulu kuti mapuwo ndi akale, koma mawu olembedwa sanachotse chithunzi m'mitu ya anthu. Loweruka pa 11 Malichi, tsiku lomwe Freddy analowa kachiwiri ku Mozambique pafupi ndi Quelimane, kumsika kunali kukambidwabe kuti namondwe wapita ku Zimbabwe.

Ngakhale mapuwo akanakhala atsopano, vuto lina likanatsala. Mzere wa pa mapu otere umaonetsa pomwe padutse pakati pa namondwe. Mvula yake imagwa makilomita mazanamazana kuchoka pa mzerewo. Aliyense amene ndinamufunsa pambuyo pake ankawerenga mzerewo ngati msewu: ukakhala kuti suli pamsewu, galimoto sikugunda.

Mapu achiwiri, omwe anativuta kwambiri

Loweruka lomwelo madzulo mphunzitsi wa foni yotsegula zithunzi uja anatumiza mapu ena amene anawapeza pa intaneti, oonetsa kuchuluka kwa mvula yoyembekezeka m'masiku angapo otsatira. Awa anali atsopano ndipo anali olondola mokwanira. Mbali ya Mulanje, Phalombe ndi mapiri a kummwera inali ndi mtundu wakuda bii wofiirira. Cha kunyanja ya Chilwa, mbali yathu, mtundu unali wopepukirako, wobiriwira. Kabokosi kofotokoza tanthauzo la mitundu kanali ndi manambala a mamilimita, ang'onoang'ono moti WhatsApp itachepetsa chithunzicho sankawerengekanso.

Mphunzitsiyo anachita zomwe munthu wanzeru aliyense akanachita. Anakulitsa chithunzi, anapeza nyanja, anaika chala pomwe pali mudzi wake, n'kuwerenga mtundu umene unali pansi pa chalacho. Anauza wapampando kuti: "Mayi, kwathu kuno n'kobiriwira. Zoopsazo zili ku Mulanje." Ndipo mtundu wobiriwira anthuwa anali ataudziwa kale mwanjira ina. Chaka chilichonse mvula isanayambe, alangizi timabwera ndi mapu a ulosi wa nyengo yonse ya dzinja, pomwe malo obiriwira amatanthauza mvula yokwanira kapena yoposera apo, nkhani yabwino kwa mlimi. Palibe amene anawauzapo kuti mtundu womwewo pa mapu ena ukhoza kutanthauza mamilimita ochuluka ogwa m'masiku atatu okha.

Apa m'pamene ndinaona kuti kukangana za mitundu sikutithandiza. Ngakhale zikanakhala zoona kuti pamudzipo pagwa mvula yochepa, funso lofunika silinali limenelo. Mapu a mvula amakuuza kumene madzi agwere. Sakuuza kumene madziwo apite akagwa. Likangala sanajambulidwe n'komwe pa mapuwo. Munthu wa kumunsi kwa mtsinje amayenera kuika chala chake paphiri, osati pamudzi pake, ndipo palibe chilichonse pa chithunzicho chimene chikanamuuza zimenezo.

Mapu achitatu anafika Lamulungu m'mawa, okonzedwa ndi anzathu a bungwe lina potengera chenjezo la boma. Maboma onse a kummwera omwe anali pachiopsezo anapakidwa mtundu wofiira, Zomba yense kuchokera ku Chingale mpaka ku Chisi. Awa anali omveka: kufiira ndi ngozi, aliyense amadziwa. Koma kwa komiti anabweretsa funso lomwe a gulupu anandifunsa pa foni: "Alangizi, ngati Zomba yense wafiira, ndiye tithawire kuti? Sukulu ija nayonso ili mu Zomba momwemo." Sankaseka. Mapu opaka boma lonse mtundu umodzi amathandiza a ku khonsolo kudziwa kuti akonzeke, koma sasiyanitsa wokhala m'mphepete mwa phiri amene akuopa kugumuka kwa nthaka ndi wa m'dambo amene akuopa madzi obwerera.

Pofika Lamulungu masana, komiti inali ndi zithunzi zitatu. China chinkati ngozi yapita kwina, china chinkati ngozi ili kwa anzanu, china chinkati ngozi ili paliponse. Kunja kunkagwa mvula yamawawa, yosaopsa munthu.

Zomwe tinasankha kuchita

Choyamba, tinagwirizana ndi mlembi kuti pa gulu pasatumizidwenso mapu aliwonse. Ena anaona ngati tikubisa zinthu, ndipo mnyamata mmodzi anatuluka pa gulu. Ndinalolera zimenezo. Chithunzi chilichonse chatsopano chinkayambitsa mkangano wa ola lathunthu, ndipo maola tinalibe.

Chachiwiri, ndinajambula uthenga wa mawu, waufupi, wotengera chenjezo la a zanyengo okha basi, ndipo ndinapempha kuti aziuseweretsa pa chimkuzamawu komanso auwerenge m'matchalitchi ndi pamzikiti. Uthengawo sunatchule mtundu uliwonse kapena dzina la boma. Unati mvula yaikulu igwa kuphiri la Zomba kwa masiku angapo kuyambira lero, madzi ake atsika ndi Likangala, nyanja ndi yodzaza kale, choncho madzi akhoza kulowa m'nyumba ngakhale kuno kusakugwa mvula yambiri, mwinanso usiku. Kenako unatchula midzi ndi mayina ake, ndi sukulu yothawirako. Pofotokoza mamilimita ndinagwiritsa ntchito ndowa: mamilimita 100 ndi ndowa zisanu za malita 20 zothiridwa pa kamalo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndiye muganize phiri lonse lija.

Chachitatu, ndipo ichi n'chimene chinatembenuza zinthu, chinachokera kwa wapampando, osati kwa ine. Mayiwa atamva uthengawo anati: "Ngati nkhani ndi ya kuphiri, bwanji osafunsa amene ali kuphiriko?" Mwana wa mchemwali wawo amagulitsa pafupi ndi mlatho wina wa Likangala mumzinda. Anamuimbira n'kumupempha kuti aziyang'ana mtsinje ndi kuwauza pomwe madzi afika pa chipilala cha mlatho. Akuluakulu a kumunsi akhala akudziwa kuyambira kale kuti mtsinje ukadzaza mumzinda pamapita maola angapo madzi asanawapeze. Nzeru imeneyi inalipo, koma mapu aja anaiphimba, chifukwa aliyense anali kuyang'ana m'foni.

Chachinayi chinali chovuta: kusamutsa anthu madzi asanaoneke. Mu Malichi chimanga chimakhala chitakhwima pang'ono, mpunga uli m'munda, ndipo kusiya nyumba n'kuitanira akuba. Komanso chaka chimenecho kolera inali itavuta m'dziko muno, moti anthu ankaopa kukaunjikana pasukulu. Sitinauze aliyense kuti asamuke ndi banja lonse. Tinati ayambe okalamba, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana aang'ono, olumala ndi odwala, dzuwa lisanalowe, pomwe abambo ndi anyamata atsale kuyang'anira katundu, koma agone atavala ndipo mbuzi azimasule. Chifukwa chake chinali chakuti munthu wamphamvu angathe kuwoloka madzi a m'mawondo mumdima, koma gogo sangathe, ndipo amene wamunyamula nayenso amakhala pangozi. Boma litaimitsa maphunziro m'maboma a kummwera kuyambira Lolemba, zipinda za sukulu zinapezeka zopanda ana, ndipo izi zinapeputsa ntchito.

Midzi yambiri inamvera, ngakhale monyinyirika. Kagawo kamodzi, ka mabanja okhala tsidya lina la ngalande ya mpunga, kanakana. Kumeneko n'kumene mapu achiwiri anakhazikika kwambiri, ndipo bambo wina wolemekezeka anauza a komiti kuti: "Ana inu, mapu a akatswiri akuti kuno n'kobiriwira, inu mukuti tisiye nyumba. Timvere ndani?" Komiti ilibe mphamvu yokakamiza munthu. Anangowasiyira wenzulo ndi kupempha mwini bwato wina kuti alikokere pafupi.

Zomwe zinachitika

Lamulungu usiku mvula inakula. Lolemba pa 13 Malichi, tsiku lomwe matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kummwera chili pa ngozi, mwana wa kumlatho uja anaimba kuti madzi akwera kuposa pomwe anawaonapo chiyambire. Wapampando analiza wenzulo, anyamata a kabaza anazungulira midzi, ndipo ambiri mwa otsala aja ananyamula zomwe akanatha n'kukwera kusukulu kukadali kowala. Patapita maola, magetsi atazima m'madera ambiri, mafoni anayamba kuthima limodzilimodzi. Kuchokera pamenepo panalibenso WhatsApp, panalibenso mapu. Zomwe zinatsala ndi wailesi za mabatire ndi zomwe anthu anali atamva kale.

Madzi analowa m'midzi usiku. Nyumba zambiri za njerwa zosawotcha zinanyowa kunsi n'kukhala pansi. Mabanja a tsidya la ngalande anapezeka atazingidwa, ndipo anagona pa chulu ndi pa khonde la nyumba imodzi ya njerwa zowotcha mpaka bwato lija linayamba kuwawolotsa kutacha. Gogo wina wa kumeneko anadwala chibayo chifukwa chogona panja atanyowa, ndipo anachira atagonekedwa kuchipatala. M'midzi ya gulupuyu simunafe munthu. Mbewu, ziweto zing'onozing'ono ndi katundu wa m'nyumba zinapita. M'dziko lonse, anthu oposa 600 anatsimikizika kuti anamwalira, mazana ena sanapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala.

Sindinganene kuti uthenga wathu ndi umene unapulumutsa anthu. Madzi a m'chigwa chosalala amakwera pang'onopang'ono, samabwera ndi miyala ngati a m'mphepete mwa phiri, ndipo izi zinatipatsa mpata umene a ku Chilobwe kapena ku Phalombe analibe. Chomwe ndinganene n'chakuti kusiyana pakati pa ogona m'kalasi ndi ogona pa chulu kunatsatira ndendende malire a amene anakhulupirira mapu achiwiri.

Zomwe tinapeza titabwerera

Madzi ataphwa tinakhala pansi ndi komiti, titasindikiza mapu atatu aja. Poyamba tinawasindikiza pa makina wamba a fotokope a pa Jali, ndipo kufiira ndi kubiriwira zonse zinatuluka zotuwa mofanana. Wogwira ntchito kumudzi aliyense adziwe kuti mapu ake adzathera pa makina otere.

Tinapempha aliyense kuti aloze mudzi wake. Pa mapu a maboma ambiri analephera, ngakhale odziwa kuwerenga, chifukwa malire a boma si chinthu chomwe munthu amachiona akamayenda. Titajambulapo phiri, nyanja, mtsinje ndi msewu wochokera mumzinda kupita ku Kachulu, aliyense anapeza kwawo nthawi yomweyo. Ambiri ankatembenuza pepala kuti phiri likhale mbali yomwe lili akaimirira pabwalopo. Zoti kumpoto kumakhala pamwamba ndi mwambo wa m'kalasi, si wa m'mudzi.

Nthawi nayonso inasokoneza. Mapu ochokera kunja amalemba maola a UTC (nthawi yoyendera dziko lonse lapansi), omwe amatsalira ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya kuno, ndipo mphunzitsi uja sankadziwa zimenezo. Pa namondwe wa masiku anayi maola awiri si kanthu, koma pa chenjezo la mvula ya usiku umodzi ndi nkhani.

Mphunzitsiyo anadzimva wolakwa kwambiri, ndipo tinachita kumulimbikitsa pamaso pa anthu. Iye anawerenga bwino zomwe mapu anaonetsa. Mapuwo anapangidwira akatswiri amene amadziwa kale kuti pansi pa mitunduyo pali mitsinje, ndipo intaneti inawafikitsa kwa munthu amene sanapangidwire iye. Izi sizisiya kuchitika. Kuletsa mapu pa gulu kunathandiza kwa masiku awiri, koma si njira yokhalitsa, popeza mafoni akuchuluka ndipo anyamata apitiriza kufufuza okha. Ndi bwino kuwaphunzitsa mafunso oti azifunsa chithunzi chilichonse asanachitumize: chatuluka liti, wachitulutsa ndani, ndipo chikuonetsa mvula, mphepo, njira ya namondwe kapena madzi osefukira. Chopanda tsiku asachitumize. Mnyamata amene anatuluka pa gulu uja ndi amene tsopano amayang'anira zimenezi, ndipo ndi wolimba pa lamuloli kuposa ine.

Kwa anzanga okonza mapu a machenjezo ndili ndi pempho lomwe silifuna ndalama. Tsiku ndi nthawi ya kuno zilembedwe pakati pa chithunzi, pomwe wodula screenshot sangazichotse. Mitsinje ikuluikulu ijambulidwe, ndipo ngati chenjezo ndi la madzi osefukira, mtundu wa ngozi utsatire mtsinje mpaka kumunsi m'malo mongokhala pomwe mvula igwere. Pansi pakhale chiganizo chimodzi cha Chichewa chonena chochita, cha zilembo zazikulu zoti zipirire kufinyidwa ndi WhatsApp. Ndipo chiganizocho chikhale choti munthu akachiwerenga mokweza kwa mnzake wa foni ya mabatani, kapena muulutsi wa wailesi ya m'dera akachiwerenga, uthenga ukhale wathunthu popanda kuona chithunzi.

Komiti inajambula mapu akeake pa nsalu: phiri pamwamba, nyanja pansi, Likangala pakati, midzi ndi mayina ake, njira ziwiri zopitira kusukulu, ndi nyumba zomwe muli anthu ofunika kunyamulidwa. Anapakanso utoto pa mtengo wina wa m'mphepete mwa mtsinje, mizere itatu, ndipo anagwirizana chochita madzi akafika pa mzere uliwonse. Mgwirizano ndi wa kumlatho uja unakhazikika, ndipo anawonjezera munthu wachiwiri kuti foni imodzi ikathima ina igwire.

Dongosololi linayesedwa mu Disembala 2024 pa machenjezo a namondwe Chido, ndipo linaonetsa pomwe likuperewera. Chiopsezo chachikulu ulendo umenewo chinali mphepo. Wapampando anandiimbira nati: "Alangizi, mtsinje uli phee, kumlatho akuti palibe kanthu, koma wailesi ikuti tisamale. Nsalu yathuyi sikunena za madenga." Ankanena zoona. Zonse tinazimanga pa madzi, ndipo sukulu yomwe ndi pothawira pabwino pa madzi ili pamtetete, ndi denga lalitali la malata. Tsiku limenelo tinangouza anthu kuti amange madenga ndi mawaya, asagone pansi pa mitengo ikuluikulu, ndipo a nyumba zofooka akagone kwa anansi a nyumba zolimba. Pamsonkhano wotsatira komiti inasoka nsalu yachiwiri ya mphepo, yokhala ndi nyumba zolimba zomwe eni ake anavomera kulandira anzawo, ndipo uthenga wa pa chimkuzamawu tsopano umayamba ndi kunena ngati chikubwera ndi madzi, mphepo, kapena zonse ziwiri.